Dzina lakuti Bruno ndi wafilosofi wa ku Nola amene anawotchedwa mu 1600

Dzina lakuti Bruno ndi limodzi mwa mayina a mabanja ofala kwambiri ku Italy. Limapezeka mochuluka m'zigawo za kummwera monga Campania, Calabria, Puglia ndi chilumba cha Sicily, komanso kumpoto m'chigawo cha Piedmont, ndipo anthu a ku Italy amene anasamukira ku America ndi kumayiko ena analitenga n'kukalibzala kumeneko. Ngakhale kuti eni dzinali ndi ochuluka chotere, alimi, asodzi, aphunzitsi ndi amalonda, munthu wophunzira akamva mawu akuti "Bruno" popanda dzina lina lotsogola, maganizo ake amathamangira kwa munthu mmodzi, Giordano Bruno, wansembe wothawa m'chipani chake cha ansembe amene anaphunzitsa kuti chilengedwe chilibe malire ndipo anawotchedwa wamoyo mumzinda wa Roma pa 17 February 1600. Kuti timvetse mmene dzina wamba linasandukira mbendera ya mkangano waukulu pakati pa Mpingo wa Katolika ndi ufulu woganiza, m'pofunika kuyamba ndi dzinalo palokha, chifukwa mwiniwakeyo anali ndi mayina angapo ndipo lililonse lili ndi mbiri yake.

Gwero la dzinali ndi liwu lakale la zilankhulo za Chijeremani lakuti "brun", lotanthauza mtundu wodera. Mitundu ya anthu monga a Lombard, amene analowa mu Italy m'chaka cha 568, ndi a Frank amene anabwera pambuyo pawo, anasiya mayina ndi mawu awo ambiri m'dzikomo, ndipo mpaka lero m'Chitaliyana liwu lakuti "bruno" limanena za munthu wa tsitsi lakuda kapena wa khungu loderapo. Choncho dzinali linalowa m'mabanja kudzera m'njira ziwiri. Ena linayamba ngati dzina longomupatsa munthu chifukwa cha maonekedwe ake, monga mmene Rossi ndi Russo anayambira pa anthu a tsitsi lofiira, Bianchi pa a tsitsi loyera, ndi Ricci pa a tsitsi lopotana. Kwa ena linali dzina la ubatizo la kholo lawo, ndipo ana ndi zidzukulu anangopitiriza kutchedwa "a kwa Bruno". Kufala kwake ngati dzina la ubatizo kunathandizidwa ndi mbiri ya Bruno Woyera wa ku Cologne, amene anayambitsa chipani cha amonke a Carthusian m'chaka cha 1084 m'mapiri a kufupi ndi Grenoble ku France, kenako anaitanidwa ku Roma ndi Papa Urban II amene kale anali wophunzira wake, n'kukamwalira ku Calabria mu 1101, pamalo amene lero pali tauni ya Serra San Bruno.

Apa pali kusiyana kumene ife ozolowera mfunda tiyenera kukuzindikira. Kwathu kuno a Phiri awiri kapena a Banda awiri akakumana pa ulendo amatha kuyamba kulondola chibale, popeza mfunda umasonyeza fuko. Dzina la banja la ku Italy silinyamula udindo umenewo. A Bruno a ku Turin ndi a Bruno a ku Palermo kawirikawiri alibe kholo limodzi, kungoti m'midzi yosiyana munali amuna a tsitsi lakuda kapena obatizidwa dzina la woyera mmodzimodziyo. Ndiponso mayinawa sanakhazikike tsiku limodzi. Anthu olemera ndi a m'mizinda anayamba kukhala nawo kale, koma kwa anthu wamba chimene chinawalimbitsa ndi lamulo la Msonkhano wa maepiskopi a Katolika wa ku Trent, umene unatha mu 1563, lakuti parishi iliyonse izilemba m'kaundula maubatizo ndi maukwati. Ngakhale pamenepo kalembedwe kankasinthasintha: Bruno, Bruni, Brunus m'Chilatini, ndi nthambi zina monga Brunetti ndi Brunelli. Mayina othera ndi "i" ndi ofala kumpoto ndi pakati pa dziko, pamene othera ndi "o" ndi ofala kummwera. Leonardo Bruni, katswiri wa mbiri yakale amene anali mlembi wamkulu wa boma la Florence mpaka imfa yake mu 1444, anali wa ku Arezzo ndipo panalibe chibale chodziwika pakati pa iye ndi munthu amene tikukambayu.

Wafilosofiyu anabadwa mu 1548 ku Nola, tauni ya kum'mawa kwa Naples, pa nthawi imene ufumu wa Naples unali pansi pa ulamuliro wa Spain. Pa ubatizo anamutcha Filippo. Zambiri za banja lake timazidziwa kuchokera m'kamwa mwake momwe, chifukwa atamuimika pamaso pa oweruza ku Venice mu 1592 anadzifotokoza kuti dzina lake ndi Giordano, wa banja la a Bruni, wa mumzinda wa Nola, kuti bambo ake anali Giovanni amene ntchito yawo inali ya usilikali, ndipo mayi ake anali Fraulissa Savolina. Tionepo kuti iye mwini anati "Bruni", umboni wakuti ngakhale m'banja limodzi dzinali linali lisanaume.

Dzina lakuti Giordano analilandira atalowa chipani cha a Dominiko mu 1565, pa nyumba yawo yotchuka ya San Domenico Maggiore ku Naples, komwe Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa zaumulungu, anaphunzitsako zaka pafupifupi 300 m'mbuyomo. Unali mwambo wa zipani zotere kuti wolowa asiye dzina lake lakale posonyeza kuti wayamba moyo watsopano. Koma dzina limene iye ankalikonda koposa onse silinali la ubatizo, la chipani kapena la makolo. M'mabuku ake ankadzitcha "il Nolano", kutanthauza munthu wa ku Nola, ndipo nzeru zake ankazitcha filosofi ya ku Nola. Munthu amene anatha zaka 16 akuyendayenda m'mayiko a eni, wopanda nyumba yakeyake, anagwiritsa dzina la kwawo ngati chuma chokhacho chimene palibe akanamulanda. Ndipo Nola sinali dzina chabe m'maganizo mwake. Mu ndakatulo yake ina yaitali ya m'Chilatini anasimba kuti ali mwana ankaima pa phiri la Cicala, pafupi ndi kwawo, n'kumayang'ana phiri la Vesuvius limene linkaoneka lakuda ndi louma, mwakuti ankaganiza kuti dziko limathera pomwepo. Koma atapita kumeneko anapeza minda ya mpesa ndi mitengo yobiriwira, ndipo atacheuka anaona kuti tsopano Cicala ndiye akuoneka wakuda ndi wouma. Nkhani ya ubwanayi ndi mbewu ya chiphunzitso chake chonse: maso amanamiza pa zinthu zakutali, ndipo aliyense amayesa kuti pamene waima ndi pakati pa zonse.

Nyengo imene anakhalamo ndi imene olemba mbiri amaitcha Renaissance, kutanthauza kubadwanso, chifukwa kuyambira zaka za m'ma 1300 ophunzira a ku Italy ankafukula ndi kumasulira mabuku akale a Agiriki ndi Aroma amene anali ataiwalika. Ndakatulo ya Lucretius, yonena kuti zinthu zonse n'zopangidwa ndi tizidutswa tosagawika toyenda m'malo opanda malire, inapezekanso mu 1417. Ku Florence, Marsilio Ficino anamasulira m'Chilatini mabuku a Plato pamodzi ndi zolemba zimene anthu ankakhulupirira kuti n'za Hermes Trismegistus, wanzeru wa ku Iguputo wakale. Koma Bruno anabadwa kumapeto kwa nyengoyi, mphepo itasintha. Martin Luther anali atagawa kale Mpingo wa kumadzulo, ndipo poyankha, Papa Paul III anakhazikitsa mu 1542 bwalo lalikulu lofufuza ziphunzitso zosokeretsa, lotchedwa Inquisition ya ku Roma. Mafunso amene m'badwo wa Ficino unkafunsa momasuka tsopano ankatha kumufikitsa munthu m'ndende.

Mavuto ake anayamba adakali m'chipani. Anachotsa zithunzi za oyera m'chipinda chake n'kusiya mtanda wokha, ndipo pambuyo pake, atadzozedwa kale unsembe, analankhula mokhala ngati akuikira kumbuyo Arius, amene Mpingo unamutsutsa kalekale pa nkhani ya umulungu wa Khristu. Atamva kuti mlandu ukukonzedwa, ndiponso kuti mabuku oletsedwa okhala ndi ndemanga za katswiri wa maphunziro Erasmus amene anawabisa apezeka, anathawa mu 1576, anavula mkanjo wa chipani, n'kuyamba ulendo wopita kumpoto. Ku Geneva, likulu la otsatira a John Calvin, analembetsa pa sukulu ya ukachenjede mu 1579 ndi dzina lake lakale, Philippus Brunus Nolanus, koma pasanathe miyezi yambiri anasindikiza kapepala kosonyeza zolakwa 20 zimene mphunzitsi wina wamkulu, Antoine de la Faye, anachita m'phunziro limodzi. Anamangidwa, anakakamizidwa kupepesa, ndipo analetsedwa kuyandikira mgonero. Anaphunzitsa zaka pafupifupi ziwiri ku Toulouse, kenako mu 1581 anafika ku Paris.

Chimene chinamutchukitsa poyamba si za nyenyezi ayi, koma luso la kukumbukira. Kuyambira nthawi ya Aroma, olankhula pagulu ankaphunzitsidwa kuika m'maganizo nyumba yodziwika bwino, n'kuika m'chipinda chilichonse chithunzi choimira mfundo imodzi, kuti polankhula azingoyenda m'nyumbamo m'maganizo n'kumatola mfundozo mwadongosolo. Bruno anakulitsa luso limeneli poliphatikiza ndi magudumu ozungulira a zilembo ndi zithunzi amene anatengera kwa wafilosofi wakale Ramon Llull, ndipo kwa iye sinali njira yolowezera chabe, inali njira yoika dongosolo la chilengedwe chonse m'mutu mwa munthu. Mfumu Henri III ya ku France inamuitana kuti imufunse ngati chikumbumtima chodabwitsa chotere chinali chachibadwa kapena cha matsenga, ndipo iye anaitsimikizira kuti n'chochita kuphunzira. Mu 1583 anawolokera ku England ndipo anakhala ku London m'nyumba ya kazembe wa France, Michel de Castelnau. Ku Oxford sanalandiridwe bwino: aphunzitsi akuluakulu a pa yunivesite ya kumeneko anaseka katchulidwe kake ka Chilatini, anadabwa ndi chiphunzitso chakuti dziko limazungulira, ndipo anamuneneza kuti akungobwereza mawu a Ficino.

Zaka ziwiri za ku London ndizo zinabala ntchito yake yaikulu. Pakati pa 1584 ndi 1585 anatulutsa mabuku asanu ndi limodzi a m'Chitaliyana olembedwa ngati kukambirana kwa anthu, amene anasindikizidwa ndi John Charlewood ngakhale kuti pa zikuto za ena panalembedwa kuti achokera ku Venice kapena ku Paris. Awiri mwa iwo, La cena de le ceneri ndi De l'infinito, universo e mondi, ndiwo akufotokoza bwino za kumwamba kumene iye ankakuona.

Kuti tione kukula kwa zimene ananena, tikumbukire chithunzi chimene mayunivesite onse a ku Ulaya ankaphunzitsa potsatira anzeru akale Aristotle ndi Ptolemy. Dziko lapansi linali pakati, losasuntha. Mwezi, dzuwa ndi mapulaneti ankanyamulidwa ndi mipira yoonekera yokutirana ngati magawo a anyezi, ndipo kunja kwenikweni kunali mpira wotsiriza umene nyenyezi zonse zinamatidwapo. Pamenepo ndiye panali mathero. Zinthu za pansi pa mwezi zinali zovunda ndi zosinthasintha, pamene za pamwamba pake zinali zopangidwa ndi chinthu china chosawonongeka. Mu 1543 katswiri wa zakuthambo Nicolaus Copernicus anasuntha dziko n'kuika dzuwa pakati, koma khoma lakunja la nyenyezi analisiya lili chilili. Bruno anamulemekeza Copernicus ngati mbandakucha, komabe anamudandaula kuti anakhala kwambiri pa masamu osafika pa tanthauzo la zimene anapeza. Bruno anagwetsa khomalo. Anati nyenyezi iliyonse ndi dzuwa lofanana ndi lathu, looneka laling'ono chifukwa cha kutalika kokha. Kuti madzuwa amenewo ali ndi mayiko awo owazungulira, amene sitiwaona chifukwa ndi aang'ono ndipo alibe kuwala kwawokwawo. Kuti mayikowo ndi opangidwa ndi zinthu zomwezi zimene zapanga dziko lathu ndipo angathe kukhala ndi zamoyo. Ndiponso kuti m'chilengedwe chopanda malire mulibe pakati, mulibe m'mphepete, mulibe kumwamba kapena pansi kupatula poyerekeza ndi pamene munthu waima.

Sanali woyamba pa mbali iliyonse ya ganizoli. Kadinala Nicholas wa ku Cusa anali atalemba mu 1440 kuti chilengedwe chilibe pakati penipeni, ndipo Thomas Digges wa ku England anajambula mu 1576 nyenyezi zomwazikana kopanda mapeto. Chatsopano mwa Bruno chinali kulumikiza zonsezi n'kuzinena mosabisa mawu ngati choonadi cha mmene zinthu zilili. Koma tiyenera kunena chilungamo pa njira imene anafikira pamenepo. Makina oonera zakuthambo anali asanapangidwe, popeza Galileo, katswiri wa zakuthambo wa ku Italy, anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1609, ndipo Bruno sanali munthu woyeza kapena wowerengetsa kayendedwe ka nyenyezi. Mfundo zake zinali za kulingalira. Ankafunsa kuti munthu ataima pa malire a chilengedwe n'kutambasula dzanja, dzanjalo lingapite kuti; ngati lapita, ndiye kuti malo akupitirira, ndipo ngati latsekerezedwa, chotsekerezacho chili pa malo enanso. Mfundo yake yaikulu inali ya zaumulungu: Mulungu wa mphamvu zopanda malire ndi ubwino wopanda malire sangalenge chinthu chochepa chokhala ndi mpanda, chifukwa kutero kukanakhala kuumira kapena kulephera. Pa mfundo imodzi yokha ndi pamene anayandikira kwambiri sayansi ya pambuyo pake. Otsutsa ankati dziko likanakhala kuti likuyenda, mwala woponyedwa m'mwamba ukanagwera kumbuyo. Iye anayankha ndi chitsanzo cha chombo: mwala wogwetsedwa kuchokera pamwamba pa mlongoti wa chombo choyenda umagwera patsinde pa mlongotiwo, chifukwa umayenda limodzi ndi chombocho. Galileo anagwiritsa ntchito chitsanzo chomwechi patapita zaka pafupifupi 50.

Kuseri kwa zakuthambozi kunali chiphunzitso china chimene chinali choopsa kwambiri m'maso mwa Mpingo. Bruno ankakhulupirira kuti chilengedwe chonse ndi chamoyo, kuti muli mzimu umodzi wolowerera m'zinthu zonse, kuti mayiko ndi nyenyezi ndi zamoyo zazikulu zoyenda mwa mphamvu ya mkati mwawo, ndipo kuti Mulungu sali kutali kunja kwa chilengedwe koma ali mkati mwa chinthu chilichonse. Ankaona kuti n'zotheka kuti mzimu usamuke kuchoka m'thupi lina kupita m'thupi lina. Analemba za matsenga ngati luso logwiritsa ntchito mphamvu zobisika zolumikiza zinthu, ndipo ankayamikira chipembedzo cha Aiguputo akale. Munthu woganiza chotere amavutika kupeza malo a tchimo la Adamu, a kubadwa kwa Mwana wa Mulungu kamodzi kokha pa dziko limodzi, ndi a chiweruzo chotsiriza. Ndiponso sindingabise kuti m'mabuku ake muli mawu onyoza Ayuda ndi akazi amene ndi onyansa kuwawerenga, ndipo lilime lake lakuthwa linamupangira adani pafupifupi paliponse pamene anafika.

Atachoka ku England mu 1585 anabwerera ku Paris, kumene anautsa mkangano wina potsutsa poyera mfundo za Aristotle, kenako analowera ku Germany. Anaphunzitsa mwamtendere zaka ziwiri ku Wittenberg, anapita ku Prague kwa Mfumu Rudolf II, ndipo ku Helmstedt mu 1589 m'busa wamkulu wa mpingo wa Lutheran anamuchotsa mumpingo. Motero mipingo itatu yodana, wa Katolika, wa Calvin ndi wa Luther, inagwirizana pa chinthu chimodzi ichi, chakuti munthu wa ku Nola alibe malo pakati pawo. Ali ku Frankfurt mu 1591, akusindikiza ndakatulo zake zitatu za m'Chilatini, analandira kalata yochokera kwa Giovanni Mocenigo, wa banja lolemekezeka la ku Venice, yomupempha kuti akamuphunzitse luso la kukumbukira.

Chifukwa chimene anavomerera kubwerera ku Italy n'chimodzi mwa zinthu zimene olemba mbiri akhala akukambirana kwa nthawi yaitali. Venice linali boma lodziimira palokha, lodziwika ndi kusagonjera Roma mwachisawawa, ndipo pa yunivesite ya Padua, imene inali m'manja mwa Venice, mpando wa mphunzitsi wa masamu unali wopanda munthu. Mpandowo unapatsidwa kwa Galileo mu 1592. Mocenigo sanakhutire ndi zimene ankaphunzitsidwa, ndipo ataona kuti mlendo wake akukonzeka kubwerera ku Frankfurt, anamutsekera m'chipinda n'kukamuneneza ku bwalo la Inquisition mu May 1592. Anati anamumva akukana kuti buledi amasanduka thupi la Khristu pa Misa, akukayikira Utatu Woyera ndi unamwali wa Maria, akunena kuti Khristu ankachita zozizwitsa mwa matsenga, kuti mayiko ndi osawerengeka, ndiponso kuti akufuna kuyambitsa gulu lake latsopano. Podziteteza, Bruno anasiyanitsa zinthu ziwiri: anati zimene analemba analemba ngati wafilosofi wotsatira kuunika kwa nzeru zachibadwa, osati ngati mphunzitsi wa chikhulupiriro, ngakhale anavomera kuti kuyambira ali mnyamata ankakayikira mumtima za mmene Utatu umafotokozedwera. Kumapeto kwa July anagwada n'kupempha chikhululuko. Mlandu ukanathera ku Venice mwina akanapulumuka, koma Roma inaumirira kuti amutumize, akuluakulu a Venice anagonja, ndipo mu February 1593 analowa m'ndende ya Inquisition pafupi ndi tchalitchi cha Petulo Woyera.

Anakhalamo zaka zisanu ndi ziwiri. Akaidi anzake a ku Venice anapereka umboni womuneneza, mabuku ake anafufuzidwa limodzilimodzi, ndipo mu January 1599 Robert Bellarmine, wa chipani cha Ajezuiti amene anakwezedwa kukhala kadinala chaka chomwecho, anatola mfundo zisanu ndi zitatu zoti Bruno azikane. Kwa miyezi ingapo anaoneka ngati avomera, kwinaku akulemba makalata ofuna kuti Papa mwini aweruze ngati mfundozo zinalidi zosokeretsa. Koma mu December 1599 ananena motsimikiza kuti safuna kulapa, alibe choti alape, ndipo sakudziwa chimene angalape. Papa Clement VIII analamula kuti mlandu utsekedwe. Pa 8 February 1600 anamuwerengera chigamulo ali chogwada, anamuchotsa unsembe, n'kumupereka m'manja mwa bwanamkubwa wa mzinda, popeza lamulo la Mpingo silinkalola ansembe kukhetsa magazi ndi manja awo. Kaspar Schoppe, Mjeremani amene analipo, analemba kuti Bruno anayankha oweruzawo kuti mwina mantha awo popereka chigamulocho ndi aakulu kuposa mantha ake pochilandira. Patapita masiku asanu ndi anayi, m'mamawa, anamutengera ku bwalo la Campo de' Fiori atamumanga lilime kuti asalankhule kwa anthu, anamuvula, anamumangirira pa mtengo n'kumuwotcha. Chinali chaka cha Jubile, mzinda utadzaza ndi amwendamnjira. Gulu la abale a San Giovanni Decollato, amene ntchito yawo inali kuperekeza opita kukaphedwa, linamulemba m'kaundula wawo kuti Giordano mwana wa malemu Giovanni Bruni, wa ku Nola, wosokera wosalapa. Mu 1603 mabuku ake onse anaikidwa pa mndandanda wa mabuku oletsedwa.

Funso limene limavuta n'lakuti anafera chiyani kwenikweni. Anthu ambiri amati anafera sayansi, chifukwa chonena kuti dziko limazungulira dzuwa. Zimenezi sizikukwanira, popeza Mpingo unadzatsutsa chiphunzitso cha Copernicus mwalamulo mu 1616, Bruno atafa kale zaka 16, ndipo milandu yambiri imene anamuimba inali ya Utatu, Ukaristia, Khristu ndi mzimu wa munthu. Ena amapita mbali inayo n'kunena kuti zakuthambo sizinakhudze mlanduwo n'komwe, koma zimenezinso si zoona. Mafaelo enieni a mlandu wa ku Roma anatayika atatengedwa kupita ku Paris m'nthawi ya Napoleon, koma chidule chake chinapezeka m'nkhokwe za ku Vatican mu 1940 ndipo Angelo Mercati anachisindikiza mu 1942. M'chidulemo nkhani ya mayiko ambirimbiri ndi ya kuyenda kwa dziko zilimo, ndipo oweruza anamufunsa za izo mobwerezabwereza. Mmene ndikuonera, kulekanitsa ziwirizi ndi kumudula Bruno pakati, chifukwa kwa iye chilengedwe chopanda malire chinali chiphunzitso cha za Mulungu, ndipo oweruza ake anazindikira zimenezo bwino lomwe. Ndikuonanso kuti kutsimikizira kuti sanali wasayansi monga timamvera liwulo lero sikuchepetsa ngakhale pang'ono kuipa kwa kuwotcha munthu chifukwa cha zimene amakhulupirira. Nkhanza imeneyi sinali ya mpingo umodzi wokha, pakuti Geneva wa Calvin anawotcha Michael Servetus mu 1553 pa nkhani yomweyi ya Utatu, koma kufala kwa choipa sikuchisandutsa chabwino. M'chaka cha 2000, pokumbukira zaka 400 za imfayi, Kadinala Angelo Sodano analemba m'dzina la Vatican kuti chinali chochitika chomvetsa chisoni, ngakhale sanasinthe maganizo a Mpingo pa ziphunzitso za Bruno.

Kwa zaka zambiri pambuyo pa 1600 dzina lake linali loopsa kulitchula m'mayiko a Chikatolika. Galileo sanalilembe m'mabuku ake, ndipo katswiri wina wa zakuthambo, Johannes Kepler, amene iye mwini ankachita mantha ndi ganizo la thambo lopanda malire, anakumbutsa Galileo mu 1610 kuti panali ena, kuphatikizapo Bruno, amene anatsogola. Ganizo lakuti nyenyezi ndi madzuwa linavomerezeka pang'onopang'ono, koma umboni wa mapulaneti ozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa lathu unadikira mpaka 1995, pamene Michel Mayor ndi Didier Queloz anapeza pulaneti lozungulira nyenyezi ya 51 Pegasi; lero mapulaneti otere otsimikizika apitirira 5,000. Kuseri kwa mwezi kuli chigwa chozungulira chimene akatswiri anachitcha Giordano Bruno.

Amene anakweza dzinali kukhala mbendera ndi anthu a ndale ndi ophunzira a m'zaka za m'ma 1800. Asilikali a ufumu watsopano wa Italy atalanda Roma m'manja mwa Papa pa 20 September 1870, ophunzira a pa yunivesite ya mumzindawo anayamba kusonkhetsa ndalama zoti amange chipilala pamalo penipeni pamene moto unayaka, ndipo anthu otchuka a m'mayiko ena monga Victor Hugo, Herbert Spencer, Henrik Ibsen ndi Ernst Haeckel anaika mayina awo pa pempholo. Khonsolo ya mzinda inakana kwa nthawi ndithu, koma nduna yaikulu Francesco Crispi inali kumbali ya ophunzirawo. Chiboliboli chamkuwa, chosulidwa ndi Ettore Ferrari, chinavundukulidwa pa 9 June 1889, tsiku la Pentekoste, pamaso pa khamu lalikulu, ndipo Papa Leo XIII anachitsutsa mwamphamvu ngati chipongwe kwa Mpingo. Ferrari anamuveka mkanjo wa a Dominiko umene mwiniwake anauvula mu 1576, mutu utaphimbidwa ndi chisoti cha mkanjowo, buku lili m'manja, nkhope italoza cha kumene kuli Vatican. M'mawa wa masiku a ntchito amalonda amayala masamba, zipatso ndi maluwa mozungulira tsinde lake, ndipo pa 17 February chaka chilichonse anthu amabwera kudzaikapo nkhata. Mawu amene Giovanni Bovio analemba patsindepo amati chipilalacho chaperekedwa ndi m'badwo umene wafilosofiyo anauoneratu, pano pamene nkhuni zinayaka, ndipo satchula Filippo, Giordano kapena Nola. Amangoti "A Bruno", kutanthauza "kwa Bruno".